Mchenga wa ku Namib: Mbiri ya Chipululu, Zamoyo Zake ndi Anthu a ku Kuiseb

Kumadzulo kwa dziko la Namibia, m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Atlantic, kuli dera limene mvula imatha chaka chathunthu osagwa ndi dontho lomwe. Ndi chipululu cha Namib, chimene chinatambalala mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera kummwera kwa Angola mpaka kumpoto chakumadzulo kwa South Africa. Pakati pake, kuyambira pa tawuni ya Lüderitz kukafika ku mtsinje wa Kuiseb, ndi mchenga wokhawokha, milumilu, wokuta malo okwana masikweya kilomita 34,000, kuposa kukula kwa nyanja ya Malawi. Milu ina ndi mapiri enieni, otalika mamita oposa 300. Mlendo wofika dzuwa lili paliwombo amayesa kuti mulibe chamoyo. Koma wolawira m'bandakucha amapeza mchengawo utadindikadindika mapazi a zikumbu, abuluzi, akangaude ndi nkhandwe, ndi mikwasa ya njoka zimene zinayendayenda usiku.

Moyo wonsewo umadalira zinthu zochokera kunja. Mchenga weniweniwo unabwera ndi mtsinje wa kutali, madzi amabwera ndi nkhungu ya kunyanja, chakudya chimabwera ndi mphepo ya kumtunda. Zamoyo za m'chipululuchi zinakhala zaka mamiliyoni zikuzolowera njira zitatuzi. Kenaka panafika anthu amene anaphunzira kukhala nazo, ndipo pambuyo pawo panafika ena amene ankayesa kuti malowo alibe mwini.

Ulendo wa mchenga

Akatswiri a miyala amati zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, Africa ndi South America zinayamba kung'ambikana, nyanja ya Atlantic n'kutseguka pakati. Gombe latsopanolo linayamba kuuma kalekale, zaka zosachepera 55 miliyoni zapitazo, ndipo n'chifukwa chake Namib amawerengedwa pakati pa zipululu zakale kwambiri padziko lapansi. Chimene chinadzakhwimitsa chilalacho ndi madzi ozizira a m'nyanja otchedwa Benguela, amene amayenda motsatira gombe kuchokera kummwera kulowera kumpoto. Madziwa amaziziritsa mpweya wa pamwamba pake, ndipo mpweya wozizira sukwera kukapanga mitambo ya mvula. Ku Walvis Bay mvula ya chaka chonse siifika mamilimita 20.

Mchenga wake ndi mlendo wochokera kumapiri a ku Lesotho. Mtsinje wa Orange, umene umayambira kumeneko, umayenda makilomita oposa 2,000 ukukokolola timiyala ndi dothi, n'kukazilavulira m'nyanja pafupi ndi Oranjemund. Mafunde amatenga mchengawo n'kumaukankhira kumpoto, kenaka amauponya pagombe, ndipo mphepo yamphamvu yochokera kummwera imauuluzira kumtunda. Ulendowu ndi wapang'onopang'ono. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2010 anasonyeza kuti mchenga umatha zaka zosachepera miliyoni imodzi kuti udutse chipululucho kuchokera kummwera kukafika kumpoto. Ukamakalamba umasintha mtundu: wa pagombe ndi wotuwa, koma wa kumtunda ndi wofiira chifukwa chitsulo chimene chili m'timiyala take chinachita dzimbiri.

Pansi pa milu ya leroyi pali chipululu china chakale kwambiri, chimene mchenga wake unauma n'kusanduka thanthwe lotchedwa Tsondab. M'thanthwelo mumapezeka zikamba za mazira a mbalame zikuluzikulu zofanana ndi nthiwatiwa, ndi maenje a chiswe ndi tinyama tina tokumba pansi. Umboni umenewu ukusonyeza kuti zamoyo zinayamba kalekale kukhala mumchenga wa kuno.

Mchenga utachuluka unayamba kulimbana ndi mitsinje yotsika kumapiri a kum'mawa. Mitsinje ya Tsondab ndi Tsauchab inagonja. Milu inaitsekera njira, ndipo lero imathera m'madambo a dongo loyera pakati pa chipululu, kutali ndi nyanja. Pamene Tsauchab amathera ndi pamene pamatchedwa Sossusvlei, ndipo pafupi pake pali Deadvlei, pamene mitengo yaminga inafa chiimire zaka mazana angapo zapitazo madzi atasiya kufikako. Mpweya ndi wouma mwakuti mitengoyo siinaole. Mtsinje wa Kuiseb wokha ndi umene sunagonje. Nthawi zambiri ndi khwawa louma, koma mvula ikagwa kumapiri a pafupi ndi Windhoek madzi amatsika mwamkokomo n'kukokolola mchenga wonse umene unagwera m'khwawamo. Choncho kummwera kwa Kuiseb kuli milu yofiira, kumpoto kwake kuli chigwa cha nsangalabwi, ndipo pakati pali mzere wa mitengo yobiriwira.

Okhala mumchenga

Madzi ozizira amene amaletsa mvula ndi omwewo amene amabala nkhungu. Usiku nkhunguyo imalowa kumtunda, nthawi zina mpaka makilomita 100, n'kunyowetsa nsonga za milu, ndipo dzuwa likakwera imabalalika. M'madera ambiri a chipululuchi nkhungu ndi yodalirika kuposa mvula. Zomera zochepa zimene zimamera pamilu, monga udzu wolimba wa Stipagrostis sabulicola, zimakola madontho a nkhungu pa masamba n'kuwatsetserezera kumizu.

Chakudya chimafika m'miyezi yozizira, pamene mphepo yotentha yochokera kum'mawa imakuntha kuchoka kumapiri. Imanyamula zinyenyeswa za udzu wouma, njere ndi zotsalira za tizilombo takufa, n'kuzikundika kuseri kwa milu. Zinyalalazo ndiye nkhokwe ya chipululu. Zikumbu, chiswe ndi nyerere zimadya zimenezo, abuluzi ndi akangaude amadya tizilomboto, njoka ndi mbalame zimadya abuluzi, ndipo nkhandwe imadya chilichonse chimene yapeza.

Masana mchenga wapamwamba umatentha kupitirira madigiri 60, koma kungolowa pansi pang'ono kumazizira, kotero nyama zambiri zinaphunzira kumira. Buluzi wina wa mphuno yaphwatalala akatenthedwa amakweza miyendo iwiriiwiri mosinthanasinthana, ndipo zikavuta amadziponya mumchenga n'kuzimirira. Nalimata wa kuno ali ndi zala zolumikizana ndi khungu kuti asamatitimire, ndipo amanyambita mame pa maso ake. Kamphiri kotchedwa Peringuey kamayenda cham'mbali pamchenga wotsetsereka. Kakafuna kugwira buluzi kamadzikwirira kusiya maso okha, amene ali pamwamba pa mutu. Palinso kanyama kofanana ndi mfuko, ka ubweya wonyezimira, kopanda maso ooneka, kamene kamasambira mumchenga usiku kufunafuna chiswe. Kamazindikira pamene pali chitsamba cha udzu pomvera kunjenjemera kwa nthaka. Kangaude wina akaona mavu amene amamusaka amapinda miyendo n'kugubuduka kutsika mulu mothamanga.

Nyama zikuluzikulu nazo zilimo. Gemsbok, nyama ya nyanga zazitali zowongoka imene ili pachizindikiro cha boma la Namibia, imatha nthawi yaitali osamwa madzi. Imadya udzu usiku pamene wanyowa, imakumba mizu, ndipo masana imaima pansonga pa mulu pamene pamapita kamphepo. Kugombe, afisi abulawuni amayenda mitunda yaitali kukasaka ana a akatumbu a m'nyanja.

Pakati pa zonsezi pali chomera chimodzi chimene chinalumikiza nyama ndi anthu, chotchedwa !nara. Ndi chitsamba chaminga chopanda masamba, cha mtundu umodzi ndi nkhaka ndi maungu, ndipo mizu yake imatsika mamita ambirimbiri kukafika pa madzi a pansi. Mchenga wouluzika umakodwa m'nthambi zake mpaka kupanga chulu chachikulu, m'mene mumabisala mbewa, abuluzi ndi zikumbu. Chipatso chake chimaoneka ngati chipwete chachikulu, ndipo china chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi. Nkhandwe zimadya zipatsozo n'kukafesa nthanga kutali kudzera m'ndowe zake.

Anthu oyamba ndi a Topnaar

Anthu anayamba kupondamo kalekale. Pakati pa milu ya kummwera kwa Kuiseb anapeza nkhwangwa zamiyala za zaka zikwi mazana angapo, pamodzi ndi mafupa a njovu za mtundu umene unatha. Pa phanga la Mirabib, kumpoto kwa mtsinjewo, ofukula zakale anapeza kuti alenje ankagonapo zaka pafupifupi 8,000 zapitazo ndipo ankadya kale !nara. Pamwamba pa zotsalira zawo pali ndowe za nkhosa za zaka pafupifupi 1,500, chizindikiro chakuti ziweto zinali zitafika ndipo moyo unali utasintha.

Amene akukhala m'mbali mwa Kuiseb lero ndi a Topnaar, nthambi ya mtundu wa Nama, amene m'chiyankhulo chawo amadzitcha ǂAonin. Akuluakulu awo amasimba kuti makolo anatsika kuchokera kumpoto ndi ziweto zawo, nakhala kaye kumatsiriro a mtsinje wa Swakop, kenaka anadzakhazikika ku Kuiseb. Abale awo ena ali ku Sesfontein, kutali kumpoto. Pagombe panali anthu odalira nsomba, nkhono ndi anangumi okankhidwira kumtunda, ndipo m'kupita kwa nthawi magulu awiriwa anakwatirana n'kukhala amodzi.

Moyo wawo unkatsatira nyengo za mtsinje. Mbuzi ndi ng'ombe zinkadya zipatso za nsangu, mtengo womwewu umene alimi a ku Malawi ndi ku Zambia amausiya m'minda yawo, chifukwa m'khwawa la Kuiseb nsangu zimakula zikuluzikulu. Madzi ankawapeza pokumba zitsime mumchenga wa mumtsinje. Nyengo yotentha ikafika, mabanja ankasamukira kumatsiriro, kumene kuli !nara wochuluka, kukakolola. Lamulo lawo linali lakuti nthaka ilibe mwini koma zitsamba zili ndi eni ake. Banja lililonse linali ndi zitsamba zake, zosiyirana kuchokera kwa makolo, ndipo kuthyola za mnzako unali mlandu. Wokolola ankagogoda chipatso ndi ndodo kuti amve ngati chapsa, chosapsa n'kuchisiya. Zamkati zake ankaziphika, n'kusefa nthanga, phala lotsalalo n'kulithira pamchenga kuti liume. Likauma linkasungika miyezi yambiri. Nthanga ankazikazinga, ankayengamo mafuta odzola, ndipo mizu inali mankhwala.

Alendo a panyanja

Azungu oyamba kuona gombeli anali Apwitikizi. Diogo Cão anazika mtanda wamwala pa Cape Cross mu 1486, ndipo Bartolomeu Dias anaima pa Walvis Bay mu Disembala 1487. Sanapeze madzi kapena chuma, ndipo anapitirira. Kwa amalinyero gombeli linali manda: nkhungu inkabisa miyala, ndipo wopulumuka m'madzi ankakafa ndi ludzu pamtunda. Zotsalira za chombo cha Apwitikizi chotchedwa Bom Jesus, chimene chinasowa mu 1533 chitanyamula mkuwa, minyanga ya njovu ndi ndalama zagolide, zinadzapezeka mu 2008 pafupi ndi Oranjemund.

M'zaka za m'ma 1670 zombo za Adatchi zochokera ku Cape zinafika ku Sandwich Harbour ndipo zinapeza anthu oweta ng'ombe ndi odya !nara. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kunadzaza zombo za osaka anangumi, makamaka za ku America ndi ku Britain. Amalinyero ankafuna nyama, ndipo a Topnaar ankapereka ng'ombe ndi nkhosa posinthana ndi mikanda, fodya, mipeni ndi mowa. Malondawo anali okomera mbali imodzi. Ziweto zinkachoka, mikanda n'kutsala, ndipo ofukula zakale amaipezabe mumchenga wa pamidzi yakale. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1800 makola ambiri anali atapululuka. Mtsogoleri wamphamvu wa kumtunda, Jonker Afrikaner, analambula msewu wa ngolo wochokera ku Windhoek kukafika kudoko, malonda n'kugwera m'manja mwa ena. Mu 1845 mmishonale wachijeremani Heinrich Scheppmann anamanga mishoni pa Rooibank. A Topnaar ambiri anayamba kudalira maganyu a padoko ndi kugulitsa nthanga za !nara, zimene amalonda ankazitumiza ku Cape Town kwa ophika makeke.

Kenaka panafika mbendera. Dziko la Britain linatenga Walvis Bay mu 1878, ndipo mu 1884 dziko la Germany linalengeza kuti gombe lotsalalo lili m'manja mwake, potsatira mapangano amene wamalonda Adolf Lüderitz ndi nthumwi zake anachita ndi mafumu. Mfumu ya a Topnaar, Piet Haibeb, inasainira dera lalikulu pa mtengo wa mapaundi 20 okha. Mu 1907 boma la atsamunda linalengeza kuti chigawo cha Kuiseb ndi malo osungirako nyama. Kuyambira pamenepo anthu amene anakhala m'khwawamo mibadwomibadwo anasanduka ongololedwa kukhalamo, ndipo ulenje unakhala mlandu.

Njanji, nkhondo ndi dayamondi

Zaka za pakati pa 1904 ndi 1908 ndi zakuda m'mbiri ya Namibia. Aherero ndi Anama ataukira ulamuliro wa Ajeremani, asilikali anawapha mwaunyinji, ndipo dziko la Germany linadzavomereza mu 2021 kuti kumeneko kunali kupulula mtundu. Ogwidwa ambiri anatsekeredwa pa Shark Island, ku Lüderitz, pamene mphepo yozizira, njala ndi matenda zinawatha. Ena anawakakamiza kumanga njanji yodutsa m'chipululu kuchokera ku Lüderitz kupita ku Aus, ndipo ochuluka a iwo anafera pantchitoyo.

Njanjiyo inali ndi mdani wosatopa, mchenga, umene unkaikwirira tsiku ndi tsiku. Mu Epulo 1908, mmodzi wa antchito a fosholo, Zacharias Lewala, amene anagwirapo ntchito kumigodi ya Kimberley, anatola kamwala konyezimira n'kukapereka kwa kapitawo wake, August Stauch. Anali dayamondi. Mtsinje wa Orange ndi mafunde, zimene zinabweretsa mchenga, zinali zitabweretsanso miyalayi, ndipo mphepo inali itaulutsa mchenga wopepuka n'kusiya dayamondi poyera. M'zigwa zina antchito ankangokwawa chafufumimba n'kumatola, ngakhale usiku kowala mwezi. Stauch analemera. Lewala sanapindule kanthu.

Mu Sepitembala chaka chomwecho boma linatseka dera lonse la kummwera n'kulitcha Sperrgebiet, malo oletsedwa. Pa Kolmanskop panamangidwa tawuni ya nyumba zachijeremani, yokhala ndi chipatala, holo ya zisudzo ndi fakitale ya madzi oundana, pamene madzi akumwa ankabwera pa sitima kuchokera ku Cape Town. Ntchito yolemetsa inkagwiridwa ndi amuna olembedwa pa kontirakiti kuchokera ku Ovamboland, amene ankagona m'makomboni. Ofunafuna mwayi analowanso pakati penipeni pa milu, ku Conception Bay ndi Meob Bay, akukoka katundu ndi ng'ombe ndi abulu. Pafupi ndi kumeneko chombo chotchedwa Eduard Bohlen chinatitimira pagombe mu 1909, ndipo lero chili pamtunda, mamita mazana angapo kuchokera kumadzi, chifukwa mchenga wakhala ukulanda malo a nyanja.

Asilikali a South Africa analanda dzikolo mu 1915. Akavalo ena amene anasokera m'chipwirikiti cha nthawi imeneyo anakhazikika pafupi ndi chitsime cha njanji pa Garub, ndipo zidzukulu zawo zikadali komweko, ngakhale chilala ndi afisi zazichepetsa. Mu 1920 migodi inagwera m'manja mwa kampani ya Ernest Oppenheimer. Dayamondi wamkulu atapezeka kumatsiriro a Orange mu 1928, anthu anayamba kuchoka ku Kolmanskop, ndipo pofika m'ma 1950 munalibenso munthu. Mchenga unalowa pazitseko n'kudzaza zipinda. Kumene kunakumbidwa kunawonongeka kwambiri, koma chiletso chija chinachititsa kuti mbali yaikulu ya Sperrgebiet ikhale zaka pafupifupi 100 yosapondedwa ndi ziweto kapena magalimoto.

Gobabeb ndi zikumbu zomwa nkhungu

Amene anasintha mmene dziko limaonera mchengawu anali munthu wokonda zikumbu. Charles Koch, wobadwira ku Austria, amene ankagwira ntchito ku Transvaal Museum ku Pretoria, anadabwa ndi kuchuluka kwa mitundu ya zikumbu za ku Namib, yoposa 200, yambiri yosapezeka kwina kulikonse. Pa ulendo wa mu 1959 iye ndi anzake anasankha malo otchedwa Gobabeb, m'mbali mwa Kuiseb, pamene milu, mtsinje ndi chigwa cha nsangalabwi zimakumana, ndipo mu 1962 panatsegulidwa malo a kafukufuku. Koch atamwalira mu 1970, utsogoleri unapita kwa Mary Seely, wochokera ku America, amene anakhalapo zaka zambiri.

Mu 1976 Seely ndi William Hamilton anafalitsa zimene anaona m'mamawa wa nkhungu. Chikumbu chakuda chotchedwa Onymacris unguicularis chimatuluka mumchenga kukadali chisisira, kuzizira kukuchilemetsa miyendo, n'kukwera mpaka pansonga pa mulu. Pamenepo chimazyolika mutu pansi, msana kuloza kumene kukuchokera mphepo. Nkhungu imagwirana pamsanapo n'kukhala madontho, madonthowo n'kutsetserekera kukamwa. M'mawa umodzi chimatha kumwa madzi okwana gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake. Chikumbu china, Lepidochora, chimakumba kangalande kopingasa njira ya mphepo, nkhungu n'kunyowetsa timizere ta m'mbali mwake, ndipo chimabwerera m'kangalandemo chikuyamwa madziwo. Akatswiri opanga zipangizo akhala akuphunzira misana ya zikumbu za ku Namib pofuna njira zokolera madzi a mumpweya.

Kuyambira mu 1968 ofufuza a pa Gobabeb akhala akuwerenga zikumbu zogwera m'timbiya tokwiriridwa pansi. Kawerengedwe ka zaka zambirika kanasonyeza kuti mvula yaikulu, monga ya mu 1976 ndi mu 2011, imameretsa udzu pamilu, ndipo zinyenyeswa za udzuwo zimadyetsa chipululu kwa zaka zambiri pambuyo pake. Mitundu ina imachuluka msanga n'kuzilala, ina imakwera pang'onopang'ono, ina imasowa zaka n'kudzaonekanso.

Pamene akatswiri ankatamanda zikumbu, a Topnaar ankalimbana kuti asachotsedwe. Boma la tsankho la South Africa, pansi pa ndondomeko ya Odendaal ya m'ma 1960, linkafuna kuwasamutsira kummwera kwa dzikolo, koma iwo anakana. Mtsinje nawo unayamba kulandidwa. Walvis Bay inali itayamba kale kupopa madzi a pansi pa Kuiseb. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kunamangidwa khoma loteteza tawuniyo ku madzi osefukira, ndipo linatseka nthambi ya mtsinje imene inkathirira minda ya !nara. Mgodi wa yureniyamu wa Rössing utatsegulidwa mu 1976, ludzu linakula. Kumtunda, eni mafamu anamanga madamu ambirimbiri. Madzi a pansi anatsika, zitsime zokumba ndi manja zinauma, !nara anachepa, ndipo lamulo lakale la zitsamba za mabanja linafooka, aliyense n'kumathyola paliponse ngakhale zosapsa.

Kuyambira pa ufulu mpaka lero

Malo osungira nyama aja anakulitsidwa n'kukhala Namib-Naukluft Park mu 1979, ndipo lero ndi okwana masikweya kilomita pafupifupi 50,000. Namibia italandira ufulu pa 21 Malichi 1990, inalemba kuteteza chilengedwe m'malamulo ake aakulu, m'gawo 95. Walvis Bay inabwezedwa ndi South Africa mu 1994. Sperrgebiet anasanduka paki mu 2008, n'kudzapatsidwa dzina la Tsau ǁKhaeb, ndipo paki ya Dorob itakhazikitsidwa mu 2010, pafupifupi gombe lonse la dzikolo linakhala lotetezedwa. Mu 2013 bungwe la UNESCO linaika mchenga wa pakati pa Lüderitz ndi Kuiseb, mahekitala oposa 3 miliyoni, pamndandanda wa malo amtengo wapatali a dziko lonse, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali zamoyo zodalira nkhungu zija.

Kutchukako kwabweretsa ndalama ndi ntchito. Alendo zikwizikwi amadzuka usiku kukakwera Dune 45 ndi milu ya ku Sossusvlei dzuwa lisanatuluke. Ku Swakopmund kuli operekeza alendo odziwa kutsata mapazi a nalimata ndi kamphiri mpaka pamene zadzikwirira. Kwabweretsanso mavuto. Magalimoto ndi njinga zamoto zamatayala anayi zimaphwanya maenje a tinyama, zimaswa mazira a mbalame ya Damara tern imene imaikira pansi poyera, ndipo pachigwa cha nsangalabwi zimapha ndere zimene zimatenga zaka makumi kuti zimerenso. Njira ya tayala limodzi imaoneka kwa mbadwo wathunthu.

Migodi nayo yawonjezeka. Langer Heinrich, umene uli m'kati mwa paki, unayamba kutulutsa yureniyamu mu 2007, ndipo Husab unatsatira patapita zaka pafupifupi khumi. Ku Tsau ǁKhaeb kuli mapulani omanga makina ambirimbiri a mphepo ndi a dzuwa opangira mpweya wa haidrojeni wogulitsa kunja, ndipo oteteza chilengedwe akutsutsana ndi boma za malo amene makinawo adzaimikidwe. Ofufuza a pa Gobabeb anaika zida zoyezera nkhungu kuchokera kugombe kulowera kumtunda, chifukwa nyanja ikasintha kazizidwe kake nkhungu idzasinthanso, ndipo mpanda wa paki sungaletse zimenezo.

A Topnaar akadali m'khwawa la Kuiseb, anthu mazana ochepa m'timidzi monga Utuseb, pamene pali sukulu ya pulayimale, ndipo abale awo ambiri ali ku Walvis Bay. Seth Kooitjie, amene anawatsogolera zaka pafupifupi 40 mpaka kumwalira kwake mu 2019, anakhala akupempha kuti ufulu wawo pa malowo uzindikiridwe ndi kuti nawonso azipindula ndi alendo odzaona paki. Amaweta mbuzi, ng'ombe ndi abulu, amamwa madzi a m'mijigo ndi m'mipope, ndipo nyengo ya !nara ikakwana mabanja ena amakwerabe ngolo za abulu kupita kumatsiriro. Nthanga zina tsopano zimagulidwa ndi oyenga mafuta odyera ndi odzola a m'matawuni a pagombe. Tsogolo la zitsambazo lili pa madzi a pansi. Mu 2010 kumpoto kwa Swakopmund kunatsegulidwa fakitale yochotsa mchere m'madzi a m'nyanja, imene imatumiza madzi kumigodi ya yureniyamu, ndipo boma la Namibia likukonza zomanga ina kuti matawuni ndi migodi zichepetse kupopa madzi a pansi pa mitsinje ya Kuiseb ndi Omaruru.